Galimoto ikaboila musathamangire kuchotsa thermostat

Aliyense amene amayenda pamsewu wa M1 kuchokera ku Nchalo kupita ku Blantyre amadziwa zimene zimachitika ukangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera phiri. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, sipalephera kupezeka galimoto itaima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, dalaivala atanyamula chigubu kukafuna madzi. Chaka chatha ine ndinali mmodzi wa iwo, ndi Toyota Probox yanga imene ndimanyamulira katundu wa pagolosale.

Nkhani yake inayamba kale. Miyezi ingapo m'mbuyomo kanyali kofiira kochenjeza za kutentha kwa injini kankayaka ndikamakwera mtunda. Makaniko wina anandiuza kuti vuto ndi thermostat, ati kachitsulo kameneko anakapangira ku Japan kozizira, kuno kwathu n'kopanda ntchito. Anakachotsa n'kukataya, ine ndikuyamikira. Madzi akachepa ndinkangothira a pamjigo. Mnzanga wina anafika pondilangiza kuswera dzira laliwisi m'rediyeta kuti litseke podontha, koma mwayi izo sindinachite.

Tsiku limenelo pa Thabwa injini inangofooka, utsi woyera n'kuyamba kutuluka kumbuyo. Titasolola kachitsulo koyezera oyilo tinapeza akuoneka ngati tiyi wamkaka. Gasiketi ya hedi inali itapsa, madzi atasakanikirana ndi oyilo. Mvula ikakuona litsiro sikata: hedi nayo inali itapindika. Galimoto inakhala pagalaja masabata asanu, ndipo ndalama zimene ndinasungira feteleza zinathera komweko.

Amene anaikonza, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ndiwo anandionetsa pamene panagona vuto. Thermostat inalibe mlandu. Timapaipi ting'onoting'ono ta m'rediyeta tinali titatsekeka ndi dzimbiri ndi zoyerayera zonga zimene zimamata m'ketulo. Madzi a m'mijigo yambiri ku chigwa cha Shire ndi amchere, ndipo ine ndinkawathira tsiku ndi tsiku. Chinanso, labala wa chitsekerero cha rediyeta anali atauma n'kung'aluka.

Chitsekerero chimenechi ambiri timachiyesa chivindikiro wamba, koma sichoncho. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera ngati Blantyre kapena Dedza amawira asanafike pamenepo. Chitsekerero chimapanikiza madziwo kuti asawire msanga. Pamwamba pake pamalembedwa nambala ngati 0.9 kapena 1.1, kusonyeza mphamvu yake, ndipo pogula china muyenera kutenga cha nambala yomweyo. Chikakhala chabwino, mkati muli coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, injini imatha kupitirira madigiri 120 madzi osawira. Chikatha, madzi amathawa pang'onopang'ono inu osaona podontha. Mtengo wake sufika n'pa mafuta a ulendo umodzi wopita ku Nchalo, ndipo ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawabe.

Nanga thermostat? Ntchito yake ndi kutsekera madzi m'injini kufikira itatentha mokwanira. Pa ma Toyota ambiri imayamba kutseguka pa madigiri 82. Mukaichotsa, m'mawa injini imachedwa kutentha, kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri, zitsulo zimadyeka msanga. Choipa kwambiri n'chakuti pa injini zambiri, thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi m'injini. Ikapanda kukhalapo, madzi ena amangozungulira momwemo osadutsa m'rediyeta, ndiye pamtunda galimoto imaboila ndithu. N'zoona kuti thermostat imafa, nthawi zina imakanirira yotseka. Kuiyesa n'kosavuta: iponyeni mumphika wa madzi pamoto, iyenera kutseguka madzi asanawire. Ikakana, gulani ina, osati kuyenda popanda.

Za coolant ndinene pang'ono. Anthu amati ndi wa kumayiko kogwa chisanu, koma mkati mwake muli mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo injini za masiku ano ndi za aluminiyamu zimene madzi okhaokha amazidya. Musasakanize mitundu mwachisawawa. Pomusungunula gwiritsani ntchito madzi osungunulidwa aja ogulitsa a batire. Musungeni patali ndi ana ndi ziweto, chifukwa amatsekemera koma ndi poizoni.

Pokonza ndinaganiza zoika rediyeta yokulirapo, ya aluminiyamu yokhayokha, poti imene inabwera ndi galimoto ili ndi mathanki apulasitiki amene amang'aluka akakalamba. Kwa onyamula katundu wolemera kumalo otentha, imeneyi si ndalama yotaya. Koma bambo aja anandiletsa kuyambira kumeneko. Anayamba aona ngati fani ikuzungulira nthawi yake, ngati chipulasitiki chozungulira faniyo chilipo (ambiri amachitaya, chonsecho ndicho chimakokera mphepo m'rediyeta), ngati pampu ya madzi sikudontha, ndiponso ngati mapaipi alabala sanafewe. Anatsukanso udzu ndi tizilombo tomata kutsogolo. Pamapeto tinaika rediyeta yatsopano ya saizi yake yomweyo. A galimoto za automatic asamale pogula, chifukwa zambiri zili ndi timapaipi ta oyilo wa giyabokosi todutsa m'rediyeta momwemo.

Zikakuchitikirani panjira, zimitsani ziziritso za m'galimoto, tsegulani hita ngakhale kukutentha, imani pamalo abwino n'kuzimitsa injini. Musatsegule chitsekerero nthawi yomweyo, madzi ake amatumphuka n'kusupula khungu. Dikirani theka la ola kapena kupitirira, ndipo musathire madzi ozizira m'injini yotentha, mungang'alule hedi.

Probox ija sabata yatha yakwera Thabwa itasenza matumba a shuga, kanyali kofiira osayaka. Chigubu ndimayenda nachobe, koma tsopano muli coolant wosakaniza kale.