Malamulo a gulu akasintha, membala aliyense asainenso

MAMBWE - Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene ambiri amawachula kuti village banking, afalikira m'boma la Mambwe, kucokera ku Mfuwe ndi Masumba kufikira kwa Jumbe ndi kwa Msoro. Masiku ano ena mwa magulu amenewa sakumananso pansi pa mtengo sabata iliyonse. Amakambirana pa WhatsApp ndi kutumiza zopereka zao kudzera pa Airtel Money kapena MTN, cifukwa mamembala ena amagwira nchito m'malo ofikira alendo pafupi ndi nkhalango ya South Luangwa, pamene ena anasamukira ku Chipata ndi ku Lusaka.

Bvuto limabuka pamene malamulo a gulu asinthidwa. Mwacitsanzo, akomiti angakweze ciwongoladzanja ca nkhongole kucoka pa 10 kufika pa 20 peresenti, nalemba uthengawo pa lamya usiku. Membala amene analibe netiweki kapena amene sadziwa kuwerenga amadzamva za kusinthako pa tsiku lobweza. Iye amaumirira pa cikalata cimene anasaina, akomiti naonso amaumirira pa uthenga wao, ndipo mkangano wotere ukhoza kupasula gulu ndi kumwaza ndalama za anthu.

Cofunika kudziwa ndi cakuti siginecha kapena cidindo ca cala cimacitira umboni mau okhawo amene munthu anawabvomera pa tsikulo. Sicingakokedwe kuti cikwanire pa mau amene alembedwa pambuyo pace.

Njira ya magulu amenewa, imene bungwe la CARE linayambitsa m'dziko la Niger mu 1991, ili nayo kale nthawi yace yosinthira malamulo. Gulu limasunga ndalama kwa miyezi 9 mpaka 12, kenaka limagawana zonse. Pambuyo pa kugawana ndi pamene malamulo amaunikidwanso. Amene sakhutira amacoka ndi zace zonse, ndipo otsala amasaina asanaponye ngwee iliyonse m'bokosi. Ngati kusintha sikungadikire, msonkhano wa mamembala onse ndiwo uyenera kugamula, osati akomiti okha, ndipo nkhongole imene inatengedwa kale ibwezedwe pa mapangano akale.

Nanga membala amene ali kutali, kapena amene mitsinje yamutsekera njira m'nyengo ya dzinja? Lamulo la dziko lino la Electronic Communications and Transactions la mu 2021 limalola kusaina kudzera pa lamya kapena pa kompyuta, malinga ngati njirayo ionetsa amene wasaina ndiponso kuti wabvomereza zolembedwazo. Motero kukhala cete, kapena kutumiza kacithunzi ka cala coimika, ndi umboni wofooka. Cabwino ndi cakuti membala alembe dzina lace lonse, achule tsiku la cikalata catsopano, ndi kunena momveka kuti waciwerenga ndipo wacibvomera. Mlembi asunge uthengawo pamodzi ndi cikalata.

Makoparetivu olembetsedwa ku boma amatsata njira ina. Pansi pa lamulo la Co-operative Societies la mu 1998, malamulo osinthidwa amayamba kugwira nchito pokhapo atabvomerezedwa pa msonkhano waukulu ndi kulembetsedwa kwa mkulu wolembetsa makoparetivu. Zikatero amamanga membala aliyense, ngakhale amene sanapezeke pa msonkhanowo. Cifukwa cace mlimi asanyozere kalata yomuitanira ku msonkhano wotere.

Kaya ndi gulu la m'mudzi kapena koparetivu, cikalata catsopano cikhale ndi tsiku, cionetse ndime zimene zasintha, ndipo ciwerengedwe mokweza m'Cinyanja kapena m'Cikunda. Amene ali kutali atumiziridwe mau ojambulidwa kuti adzimvere okha. Cikalata cakale cisatayidwe, popeza ndico cidzaweruza nkhongole zakale ngati nkhani yafika kwa anyakwawa kapena ku khoti.