Asidi wa m'mandimu ndi ukhondo wa ziwiya zofululira mowa panyumba

Kufulula mowa panyumba kunayamba kufala m'maiko a azungu malamulo atafewetsedwa, pakuti Britain anachotsa lamulo lofuna chiphaso mu 1963, pamene ku America Purezidenti Jimmy Carter anasaina mu 1978 lamulo lolola munthu kufulula mowa woti amwe yekha ndi banja lake. Kuyambira nthawi imeneyo, anthu ofulula mowa m'makhitchini ndi m'magalaja akhala akulimbana ndi vuto limene mafakitale anali atalidziwa kalekale, loti mowa umaonongeka kawirikawiri chifukwa cha chiwiya chosatsukidwa bwino, ngakhale chimera ndi yisiti zikhale zabwino chotani. Pa mankhwala amene amagwiritsa ntchito, asidi wa sitiriki ngwotchuka kaamba koti ngwotsika mtengo, sanunkha, ndipo amapezeka kale m'zakudya; komatu kutchuka kumeneku kwachititsa kuti ambiri amusenzetse ntchito imene sangaithe.

Asidi wa sitiriki ndi amene amachititsa kuti mandimu aziwawasa, ndipo munthu woyamba kumupatula ku madzi a mandimu anali katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, mu 1784. Kwa zaka zambiri ankapangidwa kuchokera ku zipatso za ku Italy, mpaka mu 1917 pamene James Currie anaona kuti nkhungu ina yotchedwa Aspergillus niger imatulutsa asidiyu wochuluka ikadyetsedwa shuga, ndipo patangotha zaka ziwiri kampani ya Pfizer inayamba kumupanga mwanjira imeneyi. Ufa woyera wooneka ngati shuga umene umagulitsidwa lero, umenenso umalembedwa kuti E330 pa zakumwa, suchokera konse ku mandimu.

Litsiro la m'ziwiya zofululira lili mitundu iwiri, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Mtundu woyamba ndi zotsalira za mowa weniweniwo, monga phala lopserera pansi pa mphika, yisiti wouma ndi thovu limene limasiya mkombero wabulauni m'khosi mwa chidebe chowiritsira. Zimenezi zimasungunuka ndi mankhwala a gulu la soda, otsutsana ndi asidi, pamodzi ndi madzi otentha ndi kukwecha, ndipo asidi wa sitiriki sachita nazo kanthu kwenikweni. Mtundu wachiwiri ndi michere ya m'madzi, makamaka kashiamu, imene imauma n'kumata ngati laimu, yofanana ndi zoyera zimene zimaoneka m'ketulo yophitsira madzi a pamjigo. Apa ndiye asidiyu amaonetsa mphamvu zake, chifukwa amagwira kashiamuyo n'kumusungunulira m'madzi, moti munthu akathira supuni imodzi kapena ziwiri za ufawo mu lita imodzi ya madzi ofunda, amaona tinthovu tikutuluka pamalo omatawo ndipo pakapita mphindi zingapo zoyerazo zimayamba kukanganuka zokha.

Pali chomata china chouma kwambiri, chotuwa mopita ku bulauni, chimene ofulula amachitcha beerstone, kutanthauza mwala wa mowa. Chimapangika pamene kashiamu wakumana ndi asidi wina wochokera m'chimera, wotchedwa okizaliki, n'kusakanikirana ndi mapuloteni, ndipo kuopsa kwake n'koti chimakhala chokhakhala, kotero kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timabisalamo n'kumaononga mowa uliwonse wothiridwa m'chiwiyacho. Asidi wa sitiriki amathandiza ngati chomatacho chikadali chopyapyala, koma chikakhwima mafakitale amagwiritsa ntchito asidi amphamvu koposa, a fosiforiki ndi naitiriki. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ndi soda kuti achotse mapuloteni, n'kutsukuluza bwinobwino, kenako n'kuthira asidi. Kusakaniza ziwirizi m'chidebe chimodzi n'kutaya ndalama chabe popeza zimaphana mphamvu.

Ntchito ina yofunika ya asidiyu imakhudza miphika ya chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi chimakhala ndi kromiyamu wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, ndipo kromiyamuyo akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kosaoneka kamene kamatchinga dzimbiri. Mphika ukakwechedwa ndi waya wachitsulo wamba kapena ukawotcheredwa, tizidutswa tachitsulo timatsalira pamwamba ndipo timadontho tofiira timayamba kuoneka. Muyezo wa ku America wotchedwa ASTM A967 umavomereza kuviika chitsulo chotere m'madzi okhala ndi asidi wa sitiriki magawo 4 mpaka 10 pa 100, kutanthauza pafupifupi magalamu 40 mpaka 100 pa lita, kwa mphindi 20 ngati madziwo ali ofunda pang'ono, kapena nthawi yocheperapo ngati ali otentha. Asidiyo amachotsa chitsulo chotsaliracho n'kusiya kromiyamu, ndipo mphikawo ukatsukuluzidwa n'kuuma pamphepo kachikopa kaja kamabwerera.

Mkuwa nawo umayera msanga, ndipo mapaipi amkuwa oziziritsira mowa akachita zobiriwira, zimene siziyenera kulowa m'chakumwa, amawala akangoviikidwa kwa mphindi zochepa, ngakhale kuti kuwasiyamo usiku wonse kumadya mkuwawo. Aluminiyamu ndi malata ndi nkhani ina. Asidi amasupula kuderako kumene kumateteza mphika wa aluminiyamu, pamene pa ndowa ndi migolo yamalata, imene imakutidwa ndi zinki, amasungunula zinkiyo, yemwe akachuluka m'chakumwa amachititsa nseru ndi kusanza. Mfundoyi ikukhudzanso amayi ofulula masese ndi thobwa kuno kwathu, chifukwa mowa wamasese ngwowawasa kale pawokha, ndipo kuusunga m'chiwiya chamalata kuli ndi chiopsezo chomwecho ngakhale popanda ufa wogula. Mbiya zadothi nazonso sizigwirizana ndi njirayi, popeza dothi limamwa madzi alionse othiridwamo, ndiponso tizilombo totsalira m'mbiya yakale timathandiza kuti mowa wotsatira uwire.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuganiza kuti chiwiya chikawala ndiye kuti chatetezeka. Kutsuka n'kuchotsa litsiro looneka, pamene kupha tizilombo ndi ntchito ina yobwera pambuyo pake, ndipo asidi wa sitiriki payekha sadalirika pa ntchito yachiwiriyi, makamaka chifukwa yisiti wam'tchire ndi mabakiteriya owawasitsa mowa amapirira asidi mwachibadwa. Ena mwa mabakiteriya amenewa amadya ngakhale asidi wa sitirikiyo n'kutulutsa fungo la batala ndi kukoma kwa viniga, kotero kutsukuluza n'kofunika ngakhale ufawo uli wodyedwa. Opanga vinyo amausakaniza ndi mchere wa salufaiti, ndipo chimene chimapha tizilombo ndi mpweya wa sulufule wotuluka pamenepo, womwe umatsamwitsa ngati m'chipinda mulibe mazenera otsekula. Ofulula mowa ambiri amasankha madzi owira kapena mankhwala opangidwira ntchitoyo, monga Star San, amene maziko ake ndi asidi wa fosiforiki. Choopsa koposa ndi kuphatikiza asidi aliyense ndi mankhwala oyeretsa okhala ndi klorini, monga Jik, pakuti zimatulutsa mpweya wa klorini umene umaotcha maso ndi mapapo, ndipo ngakhale payekha klorini amaboola timaenje m'chitsulo chosachita dzimbiri akasiyidwamo nthawi yaitali.