Phula la kutali, sera wa m'tchire: opanga makandulo ku Chifunde

Kandulo imapangidwa ndi zinthu ziwiri zokha, phula ndi chingwe, ndiye ambiri amaiona ngati ntchito yoti munthu aphunzire m'mawa, madzulo n'kuyamba kugulitsa. Kuthira phula m'chikombole n'kosavutadi. Chimene chimafooketsa anthu pa ntchitoyi ku Chifunde ndi kupeza phulalo, ndiponso kulipeza pa mtengo woti kandulo ikauma igulitsidwe popanda kudya mpamba.

Chifunde ndi boma la kumpoto kwa chigawo cha Tete. Lachita malire ndi Zambia pa chipata cha Cassacatiza, chimene kutsidya kwake amati Chanida, ndipo msewu wake umakatulukira ku Katete. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a kuno anathawira ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo atabwerera sanaiwale njira za malonda zimene anazidziwa kumeneko. Mpaka lero munthu wa ku Nsadzu m'bomali akafuna katundu amayamba wawerengera kumene kwamuyandikira, ku Katete kapena ku mzinda wa Tete, ndipo m'thumba mwake mumatha kupezeka metikali ndi kwacha pamodzi.

M'chigawo chomwechi muli damu la Cahora Bassa, lomwe linamalizidwa mu 1974 ndipo limatha kutulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075. Ambiri mwa magetsiwo amapita ku South Africa pa nthambo zotalika makilomita pafupifupi 1,400. Boma la Mozambique lili ndi cholinga choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, koma m'midzi yotalikirana ndi msewu dzuwa likalowa anthu akudalirabe tochi, kasola, koloboyi ndi kandulo.

Makandulo ambiri amene amapezeka m'tigolosale ndi a kufakitale, obwera m'mapaketi kuchokera kutali. Opanga a pakhomo ndi ochepa, ndipo palibe amene angadye za kandulo zokha chaka chonse. Angakhale mayi wa geni amene akufuna kuonjezera katundu pa benchi lake, gulu la amayi a mumpingo limene lasonkherana ndalama, kapena bambo wa ming'oma ya njuchi. Onsewa ndi alimi poyamba. Mvula ikagwa chikombole chimapachikidwa, anthu ali ku chimanga ndi ku fodya, ndipo ntchito ya makandulo imadzuka m'chilimwe ndalama za zokolola zikalowa m'manja.

Phula loyera limene mafakitale amagwiritsa ntchito nthawi zambiri limachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, kumene kumachokeranso petulo, dizilo ndi palafini. Mozambique sayenga yekha mafuta amenewa, choncho phulali ndi la kunja: lina limachokera ku China, lina ku South Africa kumene kampani ya Sasol imalipanga ku Sasolburg. Lodzera panyanja likatsika pa doko la Beira liyende makilomita pafupifupi 600 kuti lifike ku Tete, kenako liwoloke Zambezi n'kukwera msewu wa N9 wolowera ku Cassacatiza, womwe malole olemera a ku Zambia amaupondereza usana ndi usiku. Dzanja lililonse limene phulalo ladutsamo laikapo kake. Amene amagula makilogalamu awiri kapena atatu ndiye amalipira mtengo wowawa kuposa onse, pomwe fakitale imagula matani.

Mawerengedwe ake ndi osabisika. Paketi ya makandulo asanu ndi imodzi ya ku South Africa imalemera magalamu 450, kutanthauza kuti kandulo imodzi ndi magalamu 75. Kilogalamu imodzi ya phula ingatulutse makandulo otere 13, thumba la makilogalamu 25 lingatulutse opitirira pang'ono 300. Pamenepo muchotsepo makala, chingwe, pepala lokulungira, ndi ya chapa (minibasi). Ngati mtengo wa kilogalamu ya phula wayandikira mtengo wa mapaketi awiri a m'sitolo, mwagwira ntchito yaulere. N'chifukwa chake wochenjera sapikisana ndi fakitale pa kandulo yaikulu. Amapanga timakandulo ting'onoting'ono togulitsa kamodzikamodzi kwa munthu amene ali ndi ndalama ya usiku umodzi wokha, ndipo amasonkherana ndi anzake kuti agule thumba lathunthu. Ena amatumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kwa wachibale wa mumzinda kuti agule n'kupatsira dalaivala wa chapa. Njirayi imapulumutsa ya ulendo, komabe fodya wako ndi uyo ali pamphuno: phula limene lili panjira silinakhale lako, ndipo likafika losakanizidwa ndi zina ulibe pokadandaula.

Pali gwero lina limene amayi a kutchalitchi amalidziwa bwino, zotsalira za makandulo a paguwa ndi a pamaliro. Zikasungunulidwa n'kusefedwa pa kansalu zimabwerera pa ntchito, ngakhale kuti mtundu wake sukhalanso woyera mbee.

Mavuto ambiri amene wogula amadandaula nawo amachokera ku chingwe. Chikachepa, lawi limakhala laling'ono, limakumba dzenje pakati, kenako limamira m'phula losungunuka n'kuzima. Chikakula, kandulo imafuka utsi, imadetsa khoma, imatha msanga, ndipo phula limayenderera m'mbali. Chingwe chiyenera kukhala cha thonje lenileni. Ulusi wa nayiloni umasungunuka n'kununkha, ndipo pouyesa ndi kungouyatsa nsonga: wa thonje umapsa n'kusiya phulusa, wa nayiloni umafwanyala n'kusiya kampira kolimba. Chingwe cha kufakitale chimakhala cholukidwa kuti nsonga yake izipindika yokha n'kupsera m'mphepete mwa lawi. Amene sangachipeze amaluka yekha ulusi utatu, n'kuuviika m'phula lotentha, n'kuuwongola kuti uume uli chilili. Mmisiri woona za ntchito yake sathira makandulo zana asanayatse imodzi n'kuiyang'anira mpaka ifike pakati. Phula likasintha, chingwenso chiyesedwe mwatsopano.

Chikombole cha chitsulo chotulutsa makandulo ambiri nthawi imodzi n'chodula ndipo sichipezeka kumudzi. Zidutswa za paipi ya pulasitiki zimagwira ntchito, pansi n'kutsekapo ndi chotsekera cha botolo choboola pakati, pamwamba n'kupingasa kamtengo komangirira chingwe kuti chisapendekeke. Nsungwi ndi phesi la tsamba la papaya nazonso zimatheka, kungoti zimang'ambidwa potulutsa kandulo. M'kati mwa paipi muzipakidwa timafuta tophikira. Phula likamazizira limanyala n'kusiya dzenje kumbali imene munathirira, ndiye pamafunika kusiya lina pamoto loti mudzazirepo. Kuviika chikombole m'madzi ozizira phula lisanagwirane kumang'alula kandulo.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ndi mdani wina. Phula loyera limasungunuka pa madigiri a pakati pa 50 ndi 60 kapena kupitirira pang'ono, koma limayamba kufewa kale lisanafike pamenepo, ndipo kandulo yosungidwa pansi pa malata imapindika. Mafakitale amathiramo mankhwala otchedwa stearin, pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi, kuti ilimbe. Kumudzi stearin ndi wosowa kuposa phula lenilenilo. Za mitundu, ambiri amasungunuliramo makrayoni a ana a sukulu, koma utoto wake umatseka chingwe ndipo lawi limafooka. Kuli bwino kuthira kandulo yoyera, n'kudzangoiviika kunja kokha m'phula la mtundu.

Za moto ndiye sizofunika kuchitira mphwayi. Phula lisaikidwe mwachindunji pa mbaula. Likhale m'chitini, chitinicho chikhale m'poto wa madzi owira, chifukwa madzi sapitirira madigiri 100 pomwe phula loikidwa pa makala limatentha mpaka kuyaka lokha. Likayaka musathire madzi, moto umathovokera paliponse. Vundikirani ndi chivundikiro kapena thirani mchenga. Ntchitoyi ichitikire pabwalo, kutali ndi denga la udzu ndi chigafa cha fodya, ana ali patali.

Chimene chimandiwawa pa nkhani yonseyi n'chakuti munthu akudikira phula la ku Beira pomwe sera wa njuchi akutayidwa kuseri kwa nyumba ya mnansi wake. Chifunde ali ndi nkhalango za mombo ndi mtondo, mitengo imene njuchi zimakonda maluwa ake, ndipo amuna a kuno akhala akupachika ming'oma ndi kufula uchi kuyambira makolo. Uchi ukafinyidwa, zisa nthawi zambiri zimatayidwa, kapena zimatsukuluzidwira mumowa kenako n'kutayidwa. Njuchi zimadya makilogalamu angapo a uchi kuti zipange kilogalamu imodzi ya sera, ndipo pa msika wa kunja sera ndi katundu wofunidwa. Kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ku Mwinilunga ndi ku Kabompo, alimi a ming'oma ya makungwa akhala akugulitsa uchi ndi sera zopita ku Ulaya kwa zaka zambiri. Kufupi kuno, bungwe la COMACO limagula uchi kwa alimi a kum'mawa kwa Zambia. Nzeru yake sili kutali.

Kuyenga sera sikufuna makina. Zisa zofinyidwa zitsukidwe, ziikidwe m'kathumba ka nsalu, kathumbako kamizidwe m'madzi otentha. Sera akasungunuka, kathumba kafinyidwe pakati pa timitengo tiwiri. Poto akachotsedwa pamoto asagwedezedwe mpaka m'mawa. Sera amayandama n'kuuma pamwamba ngati chigumu, zinyalala zili kunsi kwake zoti n'kungopala ndi mpeni. Poto akhale wa aluminiyamu, chifukwa chitsulo chadzimbiri chimadetsa sera. Zisa zakuda zimene munali ana a njuchi zimatulutsa sera wochepa, ndipo zisasakanizidwe ndi zoyera. Zisa zosayenga sizichedwa kudyedwa ndi mbozi za kagulugufe, pomwe sera woyenga amakhala zaka osaonongeka.

Sera amasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, choncho kandulo yake sipindika msanga ndi kutentha, imayaka nthawi yaitali, ndipo imanunkhira uchi. Ali ndi zovuta zake. Amafuna chingwe chokulirapo, ndipo amakakamira m'paipi. Ambiri amaona kuti n'kosavuta kungoviika: zingwe zimamangidwa pa kamtengo, n'kuviikidwa m'chitini chachitali, n'kutulutsidwa kuti zizizire, kubwereza mpaka kandulo inenepe. Sera wochepa akasakanizidwa ndi phula loyera amalimbitsa kandulo, ndiye amalowa m'malo mwa stearin wosowa uja.

Sindikunena kuti sera angakwanire kuunikira nyumba zonse za ku Mualadzi m'boma la Chifunde. Mng'oma umodzi umapereka sera wochepa poyerekeza ndi uchi, ndipo mng'oma wa khungwa umapha mtengo umene wasendedwa, m'dera limene mitengo ikutha kale ndi makala komanso minda yatsopano. Mankhwala opopera thonje ndi fodya nawonso amapha njuchi. Ming'oma ya matabwa imateteza mitengo ya m'tchire koma imafuna ndalama poyamba. Komabe msika wa kandulo yongounikira ukucheperachepera chifukwa cha tochi ndi sola, kupatula pa nthawi ngati ya 2024 pamene chilala chinachepetsa kwambiri madzi m'damu la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse ku Zambia, makandulo n'kuyambanso kufunidwa ku Katete ndi ku Chipata. Msika umene tochi sangaulande ndi wa mapemphero: ubatizo, ukwati, maliro, usiku wa Pasaka, ndi pa 2 Novembala pamene Akatolika amakumbukira akufa. Kumeneko wogula amafuna kandulo yooneka bwino, yosafuka, ndipo mwambo wa Chikatolika unkalemekeza kandulo ya sera kuyambira kale.

Wopanga makandulo amene akufuna msika umenewu apangane ndi wofula uchi nyengo isanakwane, amupatse ndowa yosungiramo zisa, ndipo agwirizane mtengo. M'nkhalango za mombo uchi umafulidwa kawiri pa chaka, cha mu Meyi mpaka Julayi ndi cha mu Novembala ndi Disembala. Sera wa m'nyengo yozizira amakwanira makandulo a Novembala ndi Khirisimasi, wa kumayambiriro kwa dzinja amasungidwira Pasaka.