Mvula ndi matope zikupha mapampu a thonje

CUAMBA — Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, mbozi nazo zimachuluka m'minda ya thonje ya kuno ku Cuamba, komwe kampani ya SAN-JFS ili ndi fakitale yochotsa njere m'thonje. Nthawi yomweyinso ndi pomwe mapampu opopera mankhwala amafa kwambiri, ndipo mlimi akakhala sabata ziwiri osapopera amapeza mbozi zitaboola kale zipatso za thonje lake.

Pampu ya mabatire, ija ya kambale kozungulira kunsonga, siyifuna chinyezi. Madzi akalowa m'kamotala, dzimbiri limagwira ndipo kambale kamasiya kuzungulira. Ena amaisiya pakhonde mabatire ali momwemo, komwe ndi kulakwa kwakukulu, pakuti mabatire akanyowa amachucha nkudya tizitsulo ta m'kati.

Ya kumsana, ya malita 16, siyiopa mvula kwenikweni poti ndi ya pulasitiki. Chimene chimaipha ndi madzi a matope a m'zithaphwi, omwe mchenga wake umatseka kabowo ka kunsonga ndi kupala timphira mpaka mankhwala nkumadonthera kumsana kwa wopopera. Mlimi asefe madziwo ndi nsalu, atsukire pampu kutali ndi chitsime, ndipo kabowo kakatseka asauzire ndi pakamwa, chifukwa mankhwalawa ndi poizoni.