NKHANU YAMCHIRA YA KU KAFUE NDI MAONEKEDWE AKE

Asodzi a mu mtsinje wa Kafue ku Zambia ndi a pa nyanja ya Kariba akuvuula kanyama kamene makolo awo sanakadziŵe. Pa Chingerezi amati crayfish. Ndi mbale wake wa nkhanu, wa miyendo 10 poŵerengera ndi zopanira zake ziŵiri, koma thupi lake ndi lalitali ndipo ali ndi mchira. Kwawo kwa mtundu umenewu ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Anthu anabwera nawo kuti aziŵeta m'maiŵe, koma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 unayamba kupezeka m'madzi a m'tchire. Mu Africa muno ndi chilumba cha Madagascar chokha chimene chili ndi crayfish zakezake.

Kugwira kwake sikuvuta. Nkhanuzi zimabisala m'miyala ndi m'mizu usana, ndi kutuluka usiku kukafuna chakudya. Msodzi amaika nyambo, monga matumbo a nsomba, m'mono kapena mu msampha wa waya, natchera madzulo, kukaonjola m'mamaŵa.

Chimene chimadabwitsa ambiri ndi maonekedwe ake. Mu msampha umodzi mutha kupeza ina yobiriŵira, ina yodera ngati dothi, ina yonga thambo. Wosadziŵa amayesa mitundu itatu, chonsecho ndi umodzi. Mu chigoba chake muli utoto wofiira umene nkhanu imaupeza m'zakudya zake. Utotowo ukagwirana ndi zomanga thupi za m'chigobamo, kufiira kumabisika. Tsono maonekedwe amasiyana malinga ndi chakudya, madzi amene ikukhalamo, chibadwa chake, ndiponso nthaŵi imene yapita chifundulire chigoba. Mukaiphika, moto umamasula utoto uja, ndipo zonse zimapsa zofiira. Yamphongo yaikulu imadziŵika ndi banga lofiira, lofeŵa, m'mbali mwa chopanira.

Kukongolaku kwadza ndi mavuto. Nkhanuzi zimadya nsomba zokodwa mu ukonde usiku, kotero kuti msodzi amavuula nsomba zoŵengulidwa zimene sangagulitse. Yaikazi imodzi imanyamula mazira mazanamazana kunsi kwa mchira, ndipo zikakhazikika m'madzi palibe njira yozichotsera. Tikumbukire kuti Kafue amathira mu Zambezi, mmenenso Shire wathu amathira.

Chifukwa chake, inu makolo ndi achinyamata amene mumayenda ku Zambia ndi ku Zimbabwe, mukaiona nkhanu imeneyi, igwireni, iphikeni bwino ndi kudyera nsima, pakuti ndi ndiwo yabwino. Koma musanyamule yamoyo kudzaiponya m'dziŵe la kwanu kapena kudzaisunga m'botolo chifukwa yakongola. Yobiriŵira, yodera ndi yonga thambo, zonse zimaswana ndi kudya mofanana, ndipo chambo ndi matemba athu alibe kwina kothaŵira.