Khutuba ya Lachisanu: Masiku a nifasi ndi udindo wathu kwa mayi wochira kumene

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikuyamika Allah amene amaumba mwana m'mimba mwa mayi ake, ndipo mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki Muhammad (SAW).

Mwana akabadwa pakati pathu timathamangira kukamuona. Amachitiridwa adhana m'khutu, tsiku lachisanu ndi chiwiri timamumeta ndi kumupatsa dzina, ndipo amene angathe amazinga mbuzi ya akika. Zonsezi ndi zabwino. Koma taonani amene akuwerama pamoto tsiku limenelo ndi kutsuka mbale za alendo. Kawirikawiri amakhala mayi yemweyo amene sabata isanathe anali pakati pa moyo ndi imfa.

Shariya imatcha magazi otuluka pambuyo pobereka kuti nifasi. M'madhihabu a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife timatsatira, nthawi zambiri amatenga masiku 40 ndipo malire ake ndi masiku 60. Kwa Imam Abu Hanifa malire ndi masiku 40. M'masiku amenewa mayi saswali, ndipo swala zimenezo sadzabweza. Sasala, koma masiku a Ramadhan amene amudutsa adzabweza akapeza mphamvu. Mwamuna wake sagona naye. Magazi akasiya msanga, asamba n'kuyamba kuswali. Duwa ndi dhikiri sizimuchokera pakamwa tsiku lililonse.

Tiganizire bwino pamenepa. Swala ndi nsanamira ya chipembedzo. Wodwala amaswali chokhala, wapaulendo amafupikitsa, koma saisiya. Mayi uyu Allah wamuchotsera yonse. Nanga ife ndife ndani kuti timusenzetse ndowa yochokera kunyanja, mtolo wa nkhuni ndi munsi wa pamtondo?

Mu Surat Maryam timawerenga kuti Maryam atamva zowawa za kubereka patsinde pa mtengo wa tende, Allah adamupatsa madzi ndi zipatso zakupsa, n'kumutonthoza mtima. Ndime 233 ya Surat Al-Baqara ikuika chakudya ndi zovala za mayi woyamwitsa pa mapewa a bambo wa mwanayo. Choncho bambo amene wabwera kudoko ndi usipa kapena utaka asagulitse zonse. Mbale yoyamba ndi ya mkazi wake. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba, mazira, bonongwe, chisoso ndi madzi akumwa ochuluka zimabwezeretsa magazi ndi mphamvu, pakuti khanda liyenera kuyamwa bere lokha miyezi 6. Abale athu amene ali ku Joni adziwe kuti mtunda suchotsa udindowu: atumize ndalama nthawi yake, ndipo aimbe foni kufunsa za mayi, osati za mwana yekha.

Inu amayi, kudzisamalira si ulesi. Gonani pamene mwana wagona, ndipo gonani naye m'neti, popeza malungo a kunyanja kuno timawadziwa tonse. Imwani mapiritsi owonjezera magazi amene mwalandira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ndi khanda aonedwe m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pakatha masabata 6. Mwambo wa chikuta usatsekereze masiku amenewa.

Si magazi onse amene ali a kudikira nawo. Akamatuluka ochuluka kwambiri, kapena akamanunkha, thupi likatentha, mutu ukamapweteka koopsa, maso akachita chidima, kapena mayi akakomoka, muthamangire naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Duwa muchitire m'njira.

Pali matenda enanso amene sitikonda kuwatchula. Mayi ena amangolira, sadya, sagona, ena amachita mantha ndi mwana wawo yemwe. Ife timafulumira kunena kuti ndi majini kapena kuchepa kwa imani, ndipo potero timamuwonjezera katundu. Izi zikapitirira masabata awiri, ndi matenda a maganizo omwe achipatala amawadziwa ndi kuwathandiza. Akanena zofuna kudzipweteka kapena kupweteka khanda, asasiyidwe yekha, ndipo apite naye tsiku lomwelo.

Tikupempha gulu la amayi pa mzikiti uliwonse kuti lizilemba maina a ochira kumene ndi kugawana masiku: wina kukatunga madzi, wina kukachapa, wina kukaphika. Ayambire kwa amasiye ndi kwa amene amuna awo ali kutali.