Mpikisano wa Njinga Zotsika M'phiri

Mzinda wa Blantyre unamangidwa pakati pa mapiri, ndipo palibe wokwera njinga mumzindamu amene sadziŵa chitunda ndi mtsetse. Ndirande ndi Machinjiri anatsamira phiri la Ndirande, wina mbali iyi wina mbali inayo. Chilomoni ali m'tsinde mwa Michiru. Zingwangwa anayang'anana ndi Soche. Pamene Bangwe ali ndi phiri lakelake kupitirira Limbe. M'madera onseŵa, ana akaŵeruka kusukulu, sipalephera kupezeka mnyamata amene watenga njinga ya atate ake, waikankha mpaka pamwamba pa chitunda, ndipo akutsika nayo ngati mphepo, anzake akumchemerera m'mbali mwa njira. Akuluakulu amati kumeneko n'kupulupudza, ndipo kaŵirikaŵiri sanama. Koma m'maiko ena kutsika phiri panjinga ndi maseŵera enieni, okhala ndi malamulo, aphunzitsi ndi akatswiri otchuka. Nkhani ya sabata ino ifotokoza za maseŵera ameneŵa, makamaka chinthu chimodzi chimene anyamata a m'zitunda za Blantyre sachiganizira: kuti mpikisano umenewu amapambana ndi munthu wodziŵa pogwira mabuleki.

Maseŵeraŵa sanayambe ndi njinga za mtengo wapatali ayi. M'chaka cha 1976 anyamata ena a ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, anatola njinga zakale zolemera, za matayala aakulu, nayamba kupikisana potsika msewu wafumbi wa m'phiri, wotalika makilomita atatu ndi pang'ono. Zambiri mwa njingazo zinali za buleki ya m'habu, ija wokwera amapondera mapedulo cham'mbuyo kuti aime. Pofika m'munsi habu inkatentha kwambiri mwakuti girisi yense ankapsa ndi kufuka utsi, ndipo mwini njinga ankayenera kuimasula ndi kupakamo wina asanakwerenso. N'chifukwa chake mpikisanowo anautcha Repack, kutanthauza kupakanso girisi. Mmisiri aliyense wokonza njinga pamsika wa Ndirande angaimve bwino nkhani imeneyi. Patapita zaka 14, mu 1990, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse la UCI linachititsa mpikisano woyamba wa akatswiri a njinga za m'mapiri ku Durango, m'chigawo cha Colorado. Mu 1996 njinga za m'mapiri zinaloŵa m'maseŵera a Olimpiki, koma zinaloŵa za mpikisano wozungulira, wokwera ndi kutsika. Wotsika wokhawokha sunaloŵebe mpaka lero.

Makolo anati liŵiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pano sizitero. Opikisana amanyamuka mmodzimmodzi pamwamba pa phiri, ndipo mdani wa aliyense ndi wotchi. Njira yake imadutsa m'miyala, m'mizu ya mitengo, m'matope ndi m'malo ena oti njinga iuluke ndithu, ndipo ulendo wonse umatha pakati pa mphindi ziŵiri ndi zisanu. Pena liŵiro limapitirira makilomita 60 pa ola. Masiku oyamba amapatsidwa nthaŵi yoyeserera, kenaka pamakhala ulendo wosankhira oloŵa m'ndime yomaliza. Pa tsiku lenilenilo munthu amatsika kamodzi kokha. Akagwa, tayala likaphulika, palibe zobwereza. Amene anachita bwino koposa posankha paja ndiye amatsika pomalizira, ndipo amene ali patsogolo pa nthaŵiyo amakhala pampando woonekera kwa anthu onse m'munsi mwa phiri, kudikira kuti aone ngati wina amchotsapo.

Tsono liŵirolo limachokera kuti? Anthu ambiri angayankhe kuti limachokera m'miyendo. Koma mu 1 mwa mipikisano ya chikho cha dziko lonse ya 2015, ku Leogang m'dziko la Austria, katswiri wa ku America, Aaron Gwin, anadukidwa tcheni atangonyamuka kumene. Sakanathanso kupalasa ngakhale kamodzi. Anatsika chomwecho phiri lonse, ndipo anapambana, kusiyana ndi womtsatira osakwana ngakhale theka la sekondi. Phiri limapereka liŵiro kwa wina aliyense mofanana. Chimene chimasiyanitsa anthu ndi kuchuluka kwa liŵiro limene aliyense amataya panjira, ndipo limatayika pa mabuleki ndi pamakona.

Apa ndi pamene pali phunziro lenileni. Katswiri amagwira mabuleki asanafike pakona, njinga idakali chiriri ndipo ikuyenda molunjika. Akaloŵa m'konamo amawasiya kuti matayala agwire nthaka. Wosadziŵa amachita motembenuza: amafika pakona ndi liŵiro lonse, mantha amamgwira pakati pa konayo, nafinya mabuleki, njinga n'kumtaya. Buleki yakutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu zambiri zoimitsa, ngakhale kuti anyamata ambiri amaiopa, ena mpaka kuichotseratu. Yofunika kuifinya pang'onopang'ono, thupi litakankhidwira cham'mbuyo. Tayala likaleka kuzungulira n'kuyamba kukhukhuluzika, fumbi limakondweretsa oonerera, koma njinga yotero siimvanso chiwongolero ndipo siima msanga. Pali lamulo lina limene ana a sukulu amaphunzira m'sayansi: liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda woimira umaŵirikiza kanayi. Wotsika mtsetse wa ku Bangwe amene dzulo anaima pa mapazi khumi, lero akathamanga moŵirikiza adzafuna mapazi makumi anayi, ndipo mwana wodutsa njira sadikira masamu amenewo.

Kakhalidwe ka thupi nakonso kali ndi mwambo wake. Wopikisana sakhala pachishalo. Amaimirira pa mapedulo atalingana, mawondo ndi zigongono zitapindika, kuti njinga izivina pansi pake iye mutu uli phee. Maso ake sayang'ana tayala lakutsogolo; amayang'ana patali, kumene afuna kupita. Woyang'anitsitsa mwala amakagunda mwala womwewo.

Zimenezi siziphunziridwa tsiku limodzi, ndipo ntchito yambiri imachitika munthu asanakwere njinga n'komwe. Mpikisano usanayambe opikisana onse amatsika njira yonse wapansi, akumaima pa muzu uliwonse ndi mwala uliwonse, kukambirana ndi aphunzitsi awo podzera. Pofika tsiku lomaliza katswiri amakhala ataloŵeza njirayo pamtima. Pamwamba pa phiri, nthaŵi yake isanakwane, amapezeka atatsinzina, manja akugwedezeka m'malere, akuyenda ulendo wonsewo m'maganizo. Miyezi ya pakati pa mipikisano amaithera kunyamula zitsulo, kupalasa maulendo aatali pamsewu, ndi kuthamangitsa njinga mwamphamvu kwa kanthaŵi kochepa, kupuma, ndi kubwerezanso. N'zodabwitsa kwa ena kuti munthu wotsika phiri azivutika chotere, koma mphindi zitatu za kugwedezeka zimaumitsa mikono mwakuti zala zimakanika kufinya buleki, ndipo munthu wotopa ndiye amalakwitsa. Ngozi zambiri zimadza mphamvu zitatha.

Omvera asaganize kuti izi ndi za ku Ulaya ndi ku America kokha. Mmodzi mwa akatswiri oposa onse m'mbiri ya maseŵeraŵa ndi mwana wa kuno kum'mwera kwa Africa. Greg Minnaar anabadwa mu 1981 ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa, kumene makolo ake anali ndi sitolo ya njinga. Anatenga chikho cha dziko lonse koyamba mu 2001 asanakwanitse zaka 20, nachitenganso mu 2005 ndi mu 2008. Ukatswiri wa dziko lonse anautenga kanayi: mu 2003 ku Lugano, mu 2012 ku Leogang, mu 2013 kwawo ku Pietermaritzburg pamaso pa abale ake, ndi mu 2021 ku Val di Sole m'dziko la Italy, ali ndi zaka 39, akupikisana ndi anyamata amene anali asanayambe sukulu pamene iye ankapambana koyamba. Pakati pa zaka zimenezi anavulalapo phewa ndi bondo, nabwereranso. Oonerera ankanena kuti Minnaar akamatsika saoneka ngati akuthamanga. Wotchi yokha ndiyo inkaulula. Munthu wongodalira kulimba mtima sakhalitsa zaka makumi aŵiri m'maseŵera otere. Chimene chimamdzutsa munthu wotero m'maŵa uliwonse kukanyamula zitsulo, pofuna ulendo wa mphindi zitatu umene ungawonongeke ndi mwala umodzi, sichingakhale chikho chokha, pakuti zikho anali nazo kale. Chioneka kuti ndi chimwemwe cha mmisiri, chofuna kuti kona imene dzulo inavuta lero idutsidwe bwino.

Nanga mnyamata wa ku Chilomoni kapena ku Machinjiri atengepo chiyani? Choyamba adziŵe kuti njinga ya atate ake si njinga ya Minnaar. Ya mpikisano ili ndi masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo ofwamphuka pafupifupi masentimita 20, matayala okhuthala a mano, ndi mabuleki a mafuta ogwira pa mbale yachitsulo ngati a njinga yamoto. Mtengo wake uposa wa galimoto zina zakale. Wokwerayo amavala chisoti chophimba mutu ndi chibwano chomwe, magalasi, magolovesi ndi zotetezera mawondo ndi msana. Njinga yakapalasa ya masiku onse anaipangira kunyamula thumba la chimanga pamsewu. Mabuleki ake ndi timphira togwira pa limu, ndipo limu yachitsulo ikanyowa timphirato timangoterereka. Foloko yake siinapangidwire kudumpha zigwembe.

Chachiŵiri n'chakuti njira ya mpikisano imatsekedwa. Amamanga zingwe mbali zonse, amaika anthu a mawezulo ndi mbendera pamakona, ndipo achipatala amakhala pafupi. Njira za m'mapiri a Blantyre ndi za anthu: amayi osenza madzi ndi nkhuni, ana opita kusukulu, okalamba ochokera kumunda. Njira ya Mtanda ya pa Michiru ndi ya opemphera. Ndiponso phiri ngati la Ndirande, limene mitengo yake yambiri inatha, lili ndi nthaka yosachedwa kukokoloka, ndipo mzere umene tayala lokhukhuluzika lakumba m'chilimwe umasanduka ngalande mvula ikagwa. Gulu la achinyamata lofuna maseŵeraŵa liyenera kuyamba lakambirana ndi mafumu ndi oyang'anira nkhalango za malo oyenera, osati kungotulukira m'njira za eni ake.

Luso lenilenilo lingaphunziridwe popanda phiri lalikulu. Pabwalo la mpira munthu angaike miyala iŵiri naphunzira kuima pakati pake ndi buleki yakutsogolo. Pakamtsetse kofatsa angabwereze kona imodzi kakhumi, mnzake atagwira wotchi. Mphamvu za miyendo ndi mapapo zimabwera pokwera zitunda zomwezo zimene anyamata amakankhapo njinga. Ndipo wogwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale adzuke akuseka, asakwerenso tsiku limenelo. Akamva chizungulire, kusanza kapena kuiŵala, apite kuchipatala msanga.

Dziko la Malaŵi si lachilendo pa mipikisano ya njinga. Linatumiza okwera njinga ku Olimpiki ya ku Munich mu 1972, ku Los Angeles mu 1984 ndi ku Seoul mu 1988, ndipo ena mwa iwo anali Dyton Chimwaza ndi Daniel Kaswanga. Amenewo anali a pamsewu. Ku nkhalango ya Luwawa m'boma la Mzimba kunachitikanso kwa zaka zingapo mpikisano wa njinga za m'mapiri, wa mtunda wautali. Koma odziŵa mtsetse koposa onse mumzinda wa Blantyre mwina sanavalepo nambala pamsana. Ndi abambo aja amaloŵa mumzinda mbandakucha, matumba a makala atasanjikizana pa kaliyala. Nkhani ya makala ndi kutha kwa mitengo ndi ya tsiku lina. Chofunika pano ndi katsikidwe kawo. Katundu wotere akayamba kuthamanga saimikika, ndipo iwo adziŵa. Amachepetsa liŵiro mtsetse usanayambe, amadziŵa dzenje lililonse la msewu wawo, ena amathandizira buleki poponda tayala ndi nsapato, ndipo pamene patsetsereka kwambiri amatsika n'kuyenda pansi atagwira chiwongolero ndi manja onse aŵiri.